Kumanga kagalimoto ka mpikisano ka Austin Seven m'galaja: yambirani pansi, injini ibwere pomaliza

Injini yake ndi ya 747cc basi, ka Vitz kaja timakaderera kumudzi kali ndi injini yaikulu kuposa imeneyi. Koma tsiku lomwe mudzakhale m'kagalimoto koti mwamanga ndi manja anu, mutakhala pansi penipeni moti mukatulutsa mkono mukhoza kukhudza tala, injini ikulira kutsogolo kwa mapazi anu, mudzamvetsa chifukwa chake madala ena kuno ku UK amatha nyengo yonse yozizira ali m'galaja ndi sipanala. Ine ndinalowa m'zimenezi chifukwa cha bambo ena achikulire oyandikana nawo nyumba, Loweruka lililonse ndinkawamva akugogoda, tsiku lina ndinangopita kukawagwirira tochi, chaka chisanathe nanenso ndinali nditagula chasisi yanga. Nde ndati ndilembe mmene ntchitoyi imayendera, makamaka kwa anzanga amene manja amakuyabwani mukaona chitsulo.

Kuno amazitchula kuti special, ndiye kuti munthu watenga chasisi ndi injini ya galimoto wamba nkumangapo bodi yake yopepuka yothamangira. Galimoto yomwe inatchuka kwambiri pa ntchito imeneyi ndi Austin Seven. Inatuluka mu 1922, anaijambula Herbert Austin ndi mnyamata wa zaka 18 dzina lake Stanley Edge, ndipo mpaka 1939 anapanga pafupifupi 290,000, fakitale yake inali ku Longbridge ku Birmingham. Nkhondo yachiwiri itatha zinali mbwee, zotopa, zotchipa, nde anyamata opanda ndalama ankagula nkutaya bodi yowolayo nkumanga zawo. Kalabu ya 750 Motor Club inayamba mu 1939, mu 1949 nkukhazikitsa mpikisano wa 750 Formula wa timagalimoto timeneti. Colin Chapman, woyambitsa kampani ya magalimoto a Lotus, Lotus yake yoyamba anaimanga mu 1948 pa Austin Seven ya 1930, m'galaja ya kwa makolo a chibwenzi chake ku London. Bruce McLaren, woyambitsa timu ya mipikisano ya McLaren, ku New Zealand anayambira pa Austin Seven yomwe bambo ake anagula ili zidutswa. Ku America nakonso kunali kalasi ya H Modified ya mainjini osapitirira 750cc, ambiri ankaika injini ya Crosley m'bodi yomanga okha.

Anthu onsewa anaphunzira chinthu chimodzi, ndipo ndi chomwe ndikufuna chikuloweni musanawononge olo paundi imodzi. Injini yoyambirira ya Seven inkatulutsa ma horsepower ongopitirira 10 pang'ono, zakumapeto 17. Ndi mphamvu zochepa chonchi simungapambane pofinya injini, mumapambana pochotsa kulemera, kutsitsa galimoto pansi, ndi kuipangitsa kuti izikhota ndi kuima bwino. Aliyense woyamba kumene amathamangira kugula kabuleta yonyezimira ndi hedi ya aluminiyamu. Musatero. Chasisi, masipulingi, chiwongolero, mabuleki, bodi, kenako injini. Mukasintha ndondomeko imeneyi mudzagwira ntchito kawiri.

Musanagule kanthu pitani kaye mukaone mipikisano, mukadziwe kuti mukufuna kuthamanga pati. Pali ma sprint, omwe mumathamanga nokha kupikisana ndi wotchi, ngati a ku Curborough pafupi ndi Lichfield, pali okwera phiri ngati Prescott ku Gloucestershire ndi Shelsley Walsh ku Worcestershire komwe akhala akuthamanga kuyambira 1905, pali a pa circuit omwe mumanyamukira limodzi gulu. Kalabu iliyonse ili ndi malamulo ake a zomwe mungasinthe, za Vintage Sports-Car Club si zofanana ndi za 750 Motor Club, nde pezani malamulo a kalasi yanu muwawerenge mpaka muwaloweze. Nzowawa kwambiri kumanga zaka ziwiri nkudzauzidwa pa geti kuti mabuleki anu kapena injini yanu siloledwa m'kalasi imeneyo. Mukafika kumeneko lowani ku paddock, komwe amaimika ndi kukonzera magalimoto, funsani, anthu ake ndi omasuka, mukangosonyeza chidwi amakutsegulirani boneti okha.

Pogula, chonde musagule galimoto yabwinobwino yoyenda nkuiphwasula. Zatsala zochepa, ndipo ine zimandiwawa ndikaona munthu wadula Ruby, Seven ya denga ija, yathunthu. Funani chasisi yoti bodi yake inawola kale, kapena ntchito yomwe wina anaisiyira panjira, zimapezeka m'timagazini ta makalabu a Seven komanso ku msika wa zitsulo zakale ngati wa ku Beaulieu. Chasisi zilipo za mitundu iwiri, yaifupi yomwe kuchokera pa wilo lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mafiti 6 ndi mainchesi 3, ndi yaitali ya mafiti 6 ndi mainchesi 9 yomwe inayamba mu 1932. Ngati ndinu wamtali kapena wathupi tengani yaitali, mainchesi 6 amenewo mudzawayamika. Onetsetsani nambala ya chasisi kuti ikugwirizana ndi pepala la V5C, lomwe lili ngati blue book ya kuno, chifukwa chasisi yokhala ndi mapepala ndi yomwe mungadzaiyendetse pamsewu mosavuta. Ndipo musanadule kapena kuwotcherera chilichonse pa chasisi werengani malamulo a DVLA, bungwe lolembetsa magalimoto kuno, mukaisintha kwambiri imatha kutaya nambala yake yakale.

Zida sizifunika zambiri koma pali msampha umodzi. Mabawuti ndi manati a galimoto imeneyi ndi a Whitworth ndi BSF, osati ma 10, 13, 17 tinazolowera aja. Sipanala ya metric imaoneka ngati yalowa, mukakoka imangozungulira nkudya makona a nati, ndipo nati imeneyo mwina ili ndi zaka 90. Gulani seti ya Whitworth olo yakale, gulaninso ma tap ndi ma die ake oyeretsera mazinga. Kenako vayisi yolimba, tupa, hamala ya chitsulo ndi ya thabwa, dilu, lumo lodulira malata, jeki ndi ma axle stand anayi. Musalowe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeki, olo ikhale yopepuka bwanji. Pophwasula jambulani chilichonse pa foni, tizitsulo tiziikani m'timapepala tapulasitiki nkulemba dzina, pakatha miyezi isanu ndi umodzi simudzakumbuka kuti kawashala aka kanachoka pati. Komanso fumbi la m'mabuleki ndi m'kilatchi yakale likhoza kukhala ndi asbestos yemwe amawononga mapapo, musalipemerere ndi mpweya, nyowetsani nkupukuta mutavala chotseka pamphuno.

Tsopano chasisi. Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba ili ngati lemba A, nsonga yake kutsogolo. Zitsulo ziwiri zazitalizo ndi zotseguka kunsi ngati ngalande yovundikira, ndipo pa galimoto ya ku fakitale bodi ndi yomwe inkathandiza kulimbitsa, nde mukachotsa bodi chasisi yokha imapotoka ngati mukufinya chovala. Ipaleni dzimbiri lonse mpaka chitsulo chioneke, ikani pamalo osalala, yezani mopingasa kuchokera kona ina kupita ina mbali zonse ziwiri, miyezo ikasiyana ndiye kuti inagundidwapo. Gogodani maliveti amodzi amodzi makamaka kutsogolo pomwe zitsulo ziwirizi zakumana, liveti yomasuka imalira mosiyana ndipo nthawi zambiri pamakhala kadzimbiri kofiira kozungulira mutu wake. Yang'anani ming'alu pomwe pamakhala injini ndi kumbuyo komwe kumalowa masipulingi.

Ambiri amatseka kunsi kotsegukako powotcherera chitsulo chopyapyala kuti ikhale ngati bokosi, Chapman nayenso ankatero. Zimalimbitsa ndithu, bola malamulo a kalasi yanu akulola. Koma powotcherera musayende mzere umodzi wautali kuchokera uku mpaka uko, kutentha kumakoka chitsulo nkukhotetsa chasisi yonse. Wotchererani pang'ono apa, dumphirani mbali inayo, dikirani pazizire, bwereraninso. Ndipo kumbukirani kuti mukatseka simudzafikanso mkati ndi sipanala, nde manati onse ofunika awotcherereni mkatimo musanatseke. Ngati kuwotcherera simunakuzolowere apa si pophunzirira, itanani wodziwa.

Masipulingi ndi pomwe pagona nkhani, nde ndichedwapo pang'ono. Kutsogolo kuli sipulingi imodzi yopingasa, kumbuyo kuli awiri aafupi, mbali ina alowa kumapeto kwa chasisi mbali inayo agwira ekiselo. A ku fakitale ndi opindika ngati uta. Ndiye taganizani mukukhota, galimoto yapendekera kunja, sipulingi yakunja yapanikizika nkuwongoka, ikawongoka imatalika nkukankhira wilo lake kumbuyo, pomwe yamkati ikupindika kwambiri nkukokera wilo lake kutsogolo. Ekiselo yonse yakumbuyo yapotoka, yayamba kuwongolera yokha kuloza kunja kwa khona, nde mumangomva kumbuyo kukufuna kukupitirirani. Ndi chifukwa chake Seven wamba imayenda ngati yaledzera mukaithamangitsa. Mankhwala ake ndi masipulingi oti galimoto ikakhala pansi inu muli momo akhale owongoka, chifukwa sipulingi yowongoka ikakwera kapena kutsika pang'ono kutalika kwake sikusintha kwenikweni. Mwapha mbalame ziwiri, galimoto yatsika komanso kumbuyo kwasiya misala.

Kutsogolo mukaika sipulingi yowongoka mufunanso ekiselo yopindikira pansi pakati, ngati ya Seven zamasewera za mtundu wa Ulster, kuti chasisi ipeze potsikira isanagunde. Pali amene amapinda ekiselo wamba ndi moto, ine ndingati gulani yopangidwa ndi odziwa, moyo wanu uli pa chitsulo chimenecho. Sipulingi yakutsogoloyi imalendewera pa tizitsulo mbali zonse ziwiri nde ekiselo imatha kusuntha cham'mbali, anthu amathana nazo pomanga mbali imodzi kuti isamasunthe kapena kuika ndodo ya Panhard, yopingasa yomangirira ekiselo ku chasisi. Ma king pin, mapini omwe mawilo akutsogolo amakhoterapo, asamagwedere, ndipo mabowo ake pa ekiselo amakula ndi ukalamba, akakula kuika pini yatsopano sikuthandiza mpaka bowolo likonzedwe.

Pali kachitsulo kamodzi komwe sindifuna muchite nako ulesi, steering arm, kamkono kamene kamakoka wilo mukapotoza chiwongolero. Pa Seven kamadziwika kuti kamachita mng'alu pafupi ndi pomwe kamangidwa, ndipo mng'aluwo ndi maso simuuona. Kayezetseni kapena ingogulani katsopano, amapanga mpaka lero. Kakathyoka muli pa liwiro palibe chomwe mungachite.

Mabuleki ake ndi a zingwe, ndipo pa zakale zisanafike 1930 phazi limagwira akumbuyo okha, akutsogolo amagwira ndi handibuleki. Anthu amawanyoza kwambiri koma vuto nthawi zambiri ndi kutha kwa tinthu ting'onoting'ono, kabushi apa, kapini apo, kalikonse kakudya pang'ono mpaka phazi lafika pansi nsapato za buleki zisanagwire. Sinthani mabushi onse, zingwe zatsopano, ma lining ofewa oyenera mabuleki a zingwe osati olimba a magalimoto amakono, ndipo onetsetsani kuti lining yonse ikukhudza dilamu, pakani choko mkati mwa dilamu, zunguzani mutagwira buleki pang'ono, pomwe choko chagwira ndi pomwe pakukhudza, palani mpaka pagwire ponse. Limbitsaninso ma radius arm, mikono yogwira ekiselo yakutsogolo ku chasisi, chifukwa mukaponda buleki ekiselo yakutsogolo imafuna kupotoka nkumasula zingwe zomwe mukukokazo. Njira ina yakale ndi kuika mabuleki a oyilo a Morris Minor, amagwira bwino, koma bwererani ku malamulo aja kaye.

Ekiselo yakumbuyo ili ndi khalidwe lake. Habu imalowa pa nsonga yosongoka ya half shaft, shafti yozunguza wilo, ndipo pali kakiyi kakang'ono. Ambiri amaganiza kuti kakiyiko ndi kamene kamayendetsa wilo, ayi, chomwe chimagwira ndi kukhudzana kwa nsonga yosongokayo ndi habu. Bambo aja anandikhazika pansi madzulo onse, tachotsa kiyi, tapaka phala lopalira mavalavu pa nsongayo, ndikuzunguza habu uku ndi uku, kupukuta, kuyang'ana, mpaka chitsulo chonse chinasanduka chotuwa mofanana popanda kadontho kowala. Kenako kutsuka phala lonse, kubwezera kiyi, nati nkumanga zolimba kwambiri. Mukadumpha ntchito imeneyi habu imayamba kusewera, kiyi imadya shafti, tsiku lina shafti imathyokera pomwepo.

Chasisi ikaima pa mawilo ake musathamangire kumanga bodi. Ikani injini ndi giyabokosi olo zili zosakonza, yalani thabwa, khalanipo ndi khushoni, muvale nsapato ndi chipewa cholimba chomwe mudzavale pothamanga. Apa mpomwe ine ndinalakwitsa. Ndinamanga mafelemu a bodi poyang'ana zithunzi, zokongola ndithu, koma nditakhalamo bondo linkagunda chiwongolero ndisanafike pa kilatchi, ndipo phazi limodzi linkaponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi. Masabata atatu a ntchito ndinadula nkutaya, mtima unandipweteka. Mukatsitsa mpando chiwongolero chimafunika chigone, pali kachitsulo kopendama komwe amaika pansi pa steering box kuti chitero, ndipo malo a mapazi pa Seven ndi ochepa zedi, nde pindani ma pedulo mpaka phazi lililonse lipeze pake. Bodi muimange mozungulira munthu.

Bodi yeniyeniyo njira zake ndi ziwiri, felemu ya mtengo wa ash ngati kale, kapena ya mapaipi opyapyala achitsulo, pamwamba nkukuta ndi aluminiyamu wa pafupifupi 1.2mm. Koyamba sankhani mawonekedwe oti lata lizipinda mbali imodzi yokha, ngati mukukulunga pepala. Zozungulira ngati dzira zija zimafuna luso la zaka ndi makina ake. Chidutswa chilichonse chiduleni kaye pa katoni, chiyeseni pa galimoto, konzani, mukakhutira mpomwe mujambule pa aluminiyamu. Katoni ndi yaulere, aluminiyamu ayi.

Aluminiyamu mukamamugogoda amauma nkuyamba kung'aluka, nde amafunika kumufewetsa ndi moto, koma vuto lake safiira ngati chitsulo, amangosungunuka mwadzidzidzi nkusiya bowo. Nzeru yake ndi sopo wamba wa mtanda. Pakani mizere ya sopo pamalopo, tenthetsani mozungulira osaima pamodzi, sopo akada bii chotsani moto, pakazizira mupeza papinda ndi manja. M'mphepete mwa bodi, makamaka pomwe mumatsamira mkono, musasiye lata lakuthwa, kulungani m'mphepetemo pa waya. Ndimagwira ntchito imeneyi ndikukumbuka amisiri okhoma ndowa ku Ndirande, mlomo wa ndowa uja amaupinda pa waya chimodzimodzi, kugogoda pang'onopang'ono kuzungulira katatu kanayi osati kumaliza malo amodzi nthawi imodzi. Amene munakulira pafupi ndi anthu amenewo luso ili mukulidziwa kale ndi maso. Pomwe aluminiyamu akukhudza chitsulo pakani penti kaye, akakhudzana pali chinyezi amadyana. Pakati pa injini ndi miyendo yanu pakhale lata lotseka bwinobwino lopanda mabowo, moto ukabuka ndi limene lidzakupatseni nthawi yotuluka. Ndipo chilichonse musanachimange chinyamuleni m'manja nkudzifunsa ngati chikufunikadi. Zitseko ayi, denga ayi, mpando ndi lata ndi kasiponji. Seven yoyamba ija yonse inkalemera pafupifupi 360kg, nde pa galimoto yotere makilo 10 owonjezera mumawamva pa phiri.

Chenjerani ndi ladiyeta. Injini imeneyi ilibe pampu ya madzi, madzi otentha amakwera okha kupita pamwamba pa ladiyeta, akazizira nkutsika, nde kuti ziyende thanki ya ladiyeta iyenera kukhala pamwamba kuposa hedi ndipo paipi izikwera yokhayokha. Aliyense amafuna mphuno yotsika yooneka bwino, koma mukatsitsa ladiyeta osaika pampu madzi amaima ndipo muwiritsa injini musanatuluke mu paddock.

Tsopano tafika pa injini. Pansi pake, crankcase, ndi pa aluminiyamu, buloko ndi hedi ndi zachitsulo, mavalavu ali m'mbali mwa masilinda osati pamwamba. Zakale crank yake imakhala pa mabelingi awiri okha, kutsogolo ndi kumbuyo, mu 1936 anawonjezera yachitatu pakati, koma othamanga ambiri amakondabe ya mabelingi awiri nkuikamo crank yatsopano yolimba, dzina lomwe mudzalimve kwambiri ndi Phoenix. Crank yakale ndiye mtima wofooka wa injiniyi, imapindapinda ikamazungulira kwambiri mpaka kuthyoka. Ine ndinagulapo imodzi pa msika wa zitsulo zakale, wogulitsa ananditsimikizira kuti ndi yabwino, ndinaipachika pa chingwe nkuigogoda inalira bwinobwino ngati belu, koma nditapita nayo kokayeza ndi makina a maginito mng'alu unaoneka pakona ya jenala yakumbuyo, pomwe pamakhala belingi. Ndalama inapita koma bola inapezeka isanalowe mu injini. Ngati pali malo amodzi oti muwonongepo ndalama mu injini yonse ndi pa crank.

Oyilo pa injini wamba safika ku ma big end, pomwe marodi agwira crank, ndi mphamvu ya pampu, pali timajeti tiwiri tomwe timalavulira oyilo m'timabowo ta pa crank ikamadutsa. Nde geji ikamawerenga motsika injini itatentha musadabwe, ndi mmene ilili, chomwe chiyenera kukuopsani ndi geji ikakwera mwadzidzidzi, ndiye kuti jeti yatsekeka ndipo ma big end akuuma. Timajetiti tili ndi tizivundikiro pa crankcase, tsegulani nkutokosa ndi kawaya kawirikawiri, ndipo pomanga injini yesani kuthira oyilo muone ngati akulasadi pa bowo. Ma big end a injini ya mabelingi awiri alibe mashelo ogula m'sitolo ngati Corolla, ndi chitsulo chofewa choyera chomwe amachisungunulira mu rodi momwemo, ntchito ya akatswiri ochepa, nde tumizani msanga chifukwa pamakhala mzere. Yang'anani mlomo wa crankcase womwe umagwira belingi yakutsogolo, umakonda kuthyoka, yang'ananinso mazinga a masitadi omwe amagwira buloko, aluminiyamu wakale amavuka. Flywheel nayo imakhala pa nsonga yosongoka, ipaleni ndi phala lija ngati mmene munachitira habu.

Zowonjezera mphamvu ndi zodziwika ndipo nzosavuta, hedi ya 1937 yomwe imapanikiza kwambiri kapena ya aluminiyamu, kabuleta ya SU ya inchi imodzi ndi 1/8, ekizozi ya mapaipi anayi, kusalaza njira za mpweya, flywheel yopepukitsa, sampu yakuya kuti oyilo achuluke. Koma musapale hedi mopitirira pofuna compression. Pa injini ya mavalavu am'mbali mpweya umadutsa pakampata ka pakati pa valavu ndi silinda, mukapala kwambiri mwatseka kampatako, injini ikubanika. Chinanso, bulokoyi ili ndi mabowo awiri okha olowera mafuta ogawana masilinda anayi. Chapman mu 1951 pa Lotus Mark III anawagawa kuti silinda iliyonse ikhale ndi njira yake, anathamanga mpaka kalabu inasintha lamulo nkuletsa. Nde mukapeza nzeru yanu yatsopano funsani kaye ngati sinaletsedwe kale zaka 70 zapitazo.

Giyabokosi ya magiya anayi inabwera mu 1932, ndi yomwe ambiri amaika, ena nkusinthamo magiya kuti ayandikane. Kilatchi ya Seven imayenda pang'ono zedi, ngati switchi, mudzazimitsa injini kangapo musanaizolowere. Magetsi ake ndi a 6 volts, amafuna mawaya onenepa ndi earth yoyera, batire imangeni ndi chitsulo osati lamba.

Kuti mukathamange mufunika laisensi ya Motorsport UK. Ya sprint ndi yokwera phiri siifuna mayeso oyendetsa, ya pa circuit ndiye mumadutsa mayeso oyendetsa otchedwa ARDS, nchifukwa chake ndimati yambirani pa sprint, muli nokha panjira, mukupikisana ndi wotchi. M'mawa galimoto imadutsa kwa oyendera, amagwedeza mawilo, amaponda buleki, amaona batire, thanki, sipulingi yobweza pedulo ya mafuta, switchi yozimitsira, chipewa ndi ovololo yosagwira moto. Musawaone ngati adani, nthawi zambiri amaona chomwe inu maso anachizolowera. Ulendo woyamba yendani mofatsa, mvetserani, mukabwerako gwirani dilamu iliyonse ndi kuseri kwa dzanja muone ngati pali yotentha kuposa inzake, yang'anani pansi ngati pakudontha, mangitsaninso manati a mahabu akumbuyo aja ndi a mawilo, chifukwa koyamba amakhazikika nkumasuka pang'ono. Nyamulani kabuku, lembani mpweya wa matayala, mapulagi, nthawi yomwe mwapanga, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi kuti mudziwe chomwe chathandiza.

Yanga panopa ili pa ma stand, dilamu yakutsogolo kumanzere inkatentha kuposa inzake nde ndachotsa zingwe zonse ziwiri kuti ndiziyezenso. Loweruka bambo aja abwera ndi choko chawo, tiyambira pamenepo.